Nkhuni za alamu anga zinalibe chidindo

Lachiwiri lapitali ndinali pasukulu ina ya sekondale yogonera konko kuno ku Salima, pomwe ndili m'komiti ya makolo. Ntchito yathu inali kuchitira umboni polandira nkhuni zophikira ana. Musaseke, awerengi. Nkhuni zikasowa, ana amagona ndi njala ufa uli mbwee m'sitolo.

Chibwerere matipati, mabungwe otithandiza abwera ndi malamulo awonso. Lina likuti boma likamagula nkhuni, matabwa kapena mapepala, lizisankha zokhala ndi chidindo chosonyeza kuti sizinawononge chilengedwe. Pankhuni, chidindocho ndi katsamba kobiriwira kumutu kwa chipika, kutanthauza kuti mtengowo unachita kubzalidwa, sunadulidwe m'nkhalango. Ine lamuloli ndinaliombera m'manja. Ndani sakuona mmene mapiri athu akumetekera mpala?

Oyamba kufika anali alamu anga, a Nabanda a ku Chitala, ndi ngolo yodzaza malaina. Mitengo imeneyi anabzala okha m'mbali mwa munda kalekale, alangizi akugawa mbande, anzawo akuwaseka kuti akulimira chiswe. Ankaithirira ndi madzi osenza pamutu. Ndinaona ndi maso angawa.

A Kamwendo, oyang'anira sitolo ya sukulu, anazungulira ngolo ija, kutembenuza chipika ichi, kutembenuza icho.

"Mayi, chidindo chili kuti?"

"Ndinakafunsa, bambo. Akuti wodinda amachokera ku Lilongwe, ndiye kuti abwere ndimugulire mafuta a galimoto. Ine ngolo yomweyi ndi yobwereka."

"Pepani, mayi. Ndikalandira zopanda chidindo, ntchito indithera."

Tili pomwepo, inatulukira lole ya kampani ina ya mumzinda. Kumbuyo kwake zipika zoyera bwino, chilichonse ndi katsamba kake. A Kamwendo nkhope inawala. Koma atatsitsa mzere woyamba ndi wachiwiri, mtundu wa nkhuni unasintha. M'kati munali mombo ndi misuku, ina makungwa ake akadali aawisi. Abale inu, ndani m'dziko muno anabzalapo mombo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinafunsa dalaivala. Iye anangoti, "Ine ndangotumidwa, bwana. Katsamba mwakaona."

Inde tinakaona. Nkhuni za lole zinalandiridwa, ngolo ija inatembenuka. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikundiwawa.

Mwina mukuti ndikulankhulira m'bale wanga. Chabwino, achotsenimo alamu angawo, ikanimo mlimi aliyense wa ku Chinguluwe amene anamvera alangizi. Funso silisintha: chidindo chimenechi chikutiuza chiyani?

Sindikunena kuti zidindo n'zachabe, ayi. Wogula wa boma sangayende munda uliwonse. Akufunika chizindikiro choti achikhulupirire, monga mmene timakhulupirira sikelo pogula mpunga. Koma sikelo nayo imayesedwa. Nanga katsambaka amakayesa ndani?

Tisanagwadire chidindo, tiyambe tachifunsa mafunso. Wodindayo anafika pomwe mtengo unadulidwa, kapena anakumana ndi lole pamsewu? Amamulipira ndani? Ngati amadya za mwini lole, musayembekezere kuti angakwere pamwamba kukavundukula za m'kati. Ndipo ngati chidindo chingafikiridwe ndi okhawo otha kugula mafuta a galimoto, ndiye kuti chikusonyeza kulemera kwa wogulitsa, osati kusamala kwake.

Amsika onse amadziwa kuti tomato wamkulu amakhala pamwamba pa mulu. Mayi aliyense pamsika wa paboma amayamba wagwedeza muluwo asanagule. Koma tikavala tayi n'kukhala m'komiti, nzeru imeneyi timaisiya pakhomo. Tikaona chinthu chodindidwa, makamaka chochokera kutali, timachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka osaphunzira. Zaka zonse zija tinazolowera kuti chochokera kumwamba safunsa. Lero pakamwa anatitsekula, koma tikungokuwira pamisonkhano ya chipani basi.

Kumbukirani kuti boma ndiye wogula wamkulu. Masukulu, zipatala, ndende, zonsezi zimaphikira nkhuni tsiku ndi tsiku. Boma likamagula kwa wobzala, anthu adzabzala. Likamagula kwa wodula m'phiri amene wapaka utoto zipika za pamwamba, anthu adzaphunzira kupaka utoto. Mlimi sachedwa kuona komwe msika ukuloza.

Titakhala pansi m'komiti, ndinapempha kuti awiri a ife, ine ndisakhalepo poti a Nabanda ndi abale anga, apalase njinga ndi mlangizi wa zankhalango mpaka ku Chitala. Akaone zitsa za malaina zikuphukira, akachitire umboni ku boma kuti nkhuni zotere zizilandiridwa. Apampando, bambo aulemu wawo, anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mwanena zoona, akulu," anatero. "Koma lamulo likuti katsamba, silikuti njinga."

Nkhani inathera pomwepo, tinamwa tiyi wophikira mombo uja.

Loweruka ndinapita ku Chitala kukawapepesa alamu. Nkhuni zija anali atagulitsa motchipa kwa owotcha njerwa panjira. Ndinawapeza kumunda ndi khasu ndi nkhwangwa, akukumba chitsa. Amene amadziwa malaina akudziwa tanthauzo lake. Mtengowu ukaudula umaphukiranso wokha, koma ukazula chitsa, ndiye kuti watsanzikana nawo.

"Alamu, bwanji osadikira pang'ono? Mwina zinthu zisintha."

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, osandiyang'ana.

"Alamu, mitengoyi yandidyera malo zaka zambiri. Chaka chino pano ndibzala thonje. Thonje ogula amabwera okha, safuna katsamba."

Pafupi ndi phazi langa panali chitsa china chomwe anali atazula kale, mphukira zake zobiriwira zitayamba kufota padzuwa.

Tsono inu amene mumagulira boma, ndiuzeni: lamulo linabwera kudzateteza mitengo, lole ya mombo yadutsa, wobzala akuzula zitsa. Kodi katsamba kaja kateteza mtengo uti?