Kasmuri Apatsidwa Njinga ya Batire

Kasmuri anabadwira kumunsi kwa mzinda wa Semarang, kufupi ndi doko, kumene madzi a m'nyanja amalowa m'nyumba osaodira. Bambo ake ankayanika nsomba zamchere. Mwanayo anakula akudana ndi fungo la nsomba, koma mpunga umene nsombazo zinkagula ankaudya mpaka kunyambita mbale. Sukulu anaisiyira panjira. Anagwirako ntchito ku fakitale ya mipando, n'kuchoka ati fumbi likumutsokomoletsa. Anakhalako mlonda pa sitolo ya zitsulo, n'kuchokanso ati kuimirira kukumutupitsa miyendo. Ntchito iliyonse inali ndi nthenda yake, ndipo Kasmuri sankachedwa kuipeza.

Chanzeru chimene anachitapo pa moyo wake n'kukwatira Lasmini. Mkaziyu anali wa kumapiri a ku Bandungan, mwana wa olima masamba, ndipo anayamba kutsitsira kabichi ndi anyezi ku msika pa njinga yamoto akadali kamtsikana. Sankalankhula zambiri. Anabereka ana aakazi awiri, ndipo m'mawa ankakazinga tempe, chakudya chopangidwa ndi soya, pakhonde n'kumagulitsa kwa anthu opita ku ntchito. Banjalo linkadya tempe wotsalayo.

Itafika kampani ya Lajuka, ija ya kabaza woitanitsa pafoni, amuna a m'dera lathu anathamangira kukalembetsa. Kasmuri naye anapita, makamaka chifukwa cha jekete lapepo limene ankapereka. Sanakhalitse pamsewu. Tsiku lina mvula itagwa anaterereka podutsa njanji, nagwa, nasupuka chigongono. Chilondacho chinapola msanga koma mantha anakhazikika. Kuyambira pamenepo akangoyang'ana njinga, msana unkayamba kumupweteka.

Lasmini anapempha kuti akalembetse yekha, poti chiphaso choyendetsera anali nacho ndipo kampaniyo inkalandiranso akazi. Kasmuri anakanitsitsa. Mkazi wake kulembedwa kuti ndi wa kabaza? Ku mzikiti akamuyang'ana bwanji? Koma anapeza njira yosungira ulemu wake popanda kugona ndi njala. Akabaza athu amadzikuta thupi lonse chifukwa cha dzuwa ndi utsi: chisoti, masiki, jekete, magolovesi. Lasmini avale zonsezo, atenge foni ya mwamuna wake, azinyamula katundu ndi zakudya zokha, asamakweze anthu kuopa kuti mawu angamuulule. Dzina likhale la Kasmuri, ndipo malipiro azilowa mu akaunti ya Kasmuri. Mu kanjira kathu aliyense ankadziwa amene ali m'jeketemo, koma kuno anthu amadziwa kutseka pakamwa pamaso pa munthu n'kukaseka kuseri.

Kampani ya Lajuka inali ndi mawu amodzi amene inkawakonda kuposa onse: udindo. Anali pa zikwangwani, pa zisoti, ngakhale pa timatumba tonyamulira zakudya. Ankati luso lamakono amaligwiritsa ntchito mwaudindo. Foni inkayeza liwiro la njinga, inkamva wa kabaza akamanga mabuleki mwadzidzidzi, inkadziwa akakhota mothamanga. Kenako anawonjezera china, ati pofuna kuteteza makasitomala kwa anthu obwerekana maakaunti. Nthawi ina iliyonse foni inkatha kulira n'kufuna kuona nkhope ya mwini wake, ndipo akapanda kuionetsa ntchito inkaima.

Apa ndi pamene Kasmuri anapeza ntchito yomuyenera. Ankakhala pa kashopu ka khofi ka Pak Ngadiyo (kuno Pak ndiye bambo, Bu ndiye mayi), pakona pa kanjira kathu, njiwa yake yoimba ataipachika m'chikwere padenga, akusewera tchesi ndi madalaivala opuma ntchito. Foni ikalira, Lasmini ankatembenuza njinga kulikonse kumene ali, kaya ndi kumtunda ku Candi, kaya m'madzi osefukira a kudoko, n'kubwerera pa kashopuko. Kasmuri ankalandira foniyo mokwinya nkhope ngati munthu wosokonezedwa pa ntchito yaikulu. Ankasalaza tsitsi, n'kuphethira kawiri, n'kutembenuzira mutu kumanzere ndi kumanja monga foni inkalamulira. Akatero ankaibweza osamuyang'ana mkaziyo.

"Pumulani kaye, Pak Kas," ankatero Ngadiyo akumuthirira khofi wina. "Khosi lingathyoke ndi ntchito imeneyi."

Kasmuri ankaseka nawo. Ankaganiza kuti akumusirira.

Zinayenda choncho mpaka mwana wamkulu anafika ku sekondale. Ndiye kunabwera uthenga pafoni. Makompyuta a kampani anali atasanthula maulendo a akabaza onse a mumzinda, n'kupeza kuti woyendetsa wosamala kuposa onse ndi Kasmuri. Sanathamangepo mopitirira, sanamangepo mabuleki mwadzidzidzi, sanatayepo msuzi wa munthu. Ankamuitanira ku hotela ina yaikulu kuti akalandire njinga yatsopano ya batire pamaso pa atolankhani.

Lasmini anamuuza kuti asapite. Anene kuti wadwala, kapena kuti kumudzi kwagwa maliro. Akakamuuza kuti ayendetse njingayo anthu akuona, zonse zikaululika, akaunti aitseka, ndipo ana adya chiyani? Kasmuri anamva zonsezo, ndipo zoyendetsazo ankaziopa kuposa mmene mkazi wakeyo ankaziopera. Koma panali hotela, panali atolankhani, panali dzina lake. Anakagula malaya a manja aatali a batiki, nsalu yamaluwa yovala pa zikondwerero. Pa tsikulo anakwera minibasi, ndipo potsika anayamba kuyeserera kutsimphina kuti akakhale ndi ponamizira.

Ku hotelako kunali achinyamata ovala zingwe za makadi m'khosi, othamangathamanga ngati nyerere zaona shuga. Bwana wamkulu sanabwere. Analankhula ali ku Jakarta, nkhope yake itadzaza khoma lonse, za mpweya wabwino, za tsogolo la ana athu, za udindo. Amene anapatsidwa ntchito yosamalira Kasmuri anali mtsikana wina wa ku ofesi yofalitsa nkhani, Mbak Anindya (Mbak ndiye chemwali). Kasmuri anamunong'oneza za bondo lake, kuti lamuvuta kuyambira dzulo.

"Musadandaule, Pak, simuyendetsa ayi," anatero mtsikanayo. "A inshuwalansi sangatilole. Mungokhalapo basi."

Anamukhazika pa njinga yoimikidwa pa mwendo woimikira, kumbuyo ataika chithunzi cha msewu wopanda galimoto n'imodzi yomwe, msewu umene ku Semarang kulibe. Kutsogolo anayatsa fani yaikulu kuti jekete liziuluka. Kasmuri anagwira zigwiriro, nayang'ana kutali ngati munthu woona tsogolo, ndipo makamera anathwanima. Bondo linachira pomwepo. Atamufunsa chinsinsi cha kuyendetsa mosamala, analankhula nthawi yaitali. Anati pamsewu pamafunika kuleza mtima, anati iye akagwira njinga amakumbukira mkazi wake ndi ana amene akumudikira kunyumba. Anthu anaomba m'manja, wina mpaka anapukuta misozi.

Lasmini, amene naye anabwera, anakhazikidwa kumbuyo, pa mipando ya achibale, n'kupatsidwa kabokosi ka makeke. Mbak Anindya anapita kukamufunsa mawu oti alembe, ngati amanyadira mwamuna wake. Lasmini anangogwedeza mutu. Lasmini potambasula dzanja kuti alandire botolo la madzi, mkono wa malaya unakwera, ndipo mtsikanayo anaona kamzere kakuda kozungulira pamfundo ya dzanja, pamene dzuwa limawotcha pakati pa golovesi ndi jekete. Wa kabaza aliyense ali nako. Anacheuka n'kuyang'ana manja a Kasmuri, osalala ngati a mlembi. Mtsikanayo sanali wopusa. Koma zikwangwani zinali zitasindikizidwa kale, ndipo madzulo ake zinkayenera kukwezedwa m'mphambano za mzinda. Anaweramira pafoni yake n'kupita kukafunsa ngati atolankhani adya.

Mphatsoyo inali ndi malamulo ake, ndipo a kampani anawafotokoza bwinobwino pamene Kasmuri anali kalikiliki ndi nyama yootcha pa timitengo. Njinga yakale ya petulo ankayenera kuipereka kuti akaiphwanye, pofuna kuchepetsa utsi. Iye anavomera pakamwa pali podzaza, osamufunsa amene ankaiyendetsa. M'mawa mwake kunabwera lole, n'kutsitsa yatsopanoyo, n'kukweza yakale. Lasmini anaima pakhonde kuiyang'ana mpaka inakhota pakona. Tcheni chake ankachithira mafuta yekha, ndipo ankadziwa kulira kwake konse.

Lamulo lachiwiri Lasmini analidziwa atakhala pa njinga yatsopanoyo. Anadina batani, koma njinga inangoti zii. Pakati pa zigwiriro panali kakamera konga diso la nsomba. Kasmuri anabwera kudzaona chavuta n'chiyani, ndipo atangoweramira, magetsi onse anayaka, njinga n'kumupatsa moni potchula dzina lake. Anakondwera kwambiri, mpaka anaitana ana kuti adzamve. Anamuuza mkaziyo kuti palibe vuto, azimuyatsira m'mawa uliwonse asanapite kokamwa khofi.

Lasmini ananyamuka. Anakatenga soto, msuzi wa nyama wa kuno, ku lesitilanti ina ya kumtunda, koma atangotsika n'kuponda mwendo woimikira, njinga inazima yokha, monga anaipangira kuti mbava zisaibe ndiponso akabaza asabwerekane. Atatuluka ndi chakudyacho, kakamera kanamuyang'ana koma njinga sinayake. Anaikankha kuchokera kumeneko dzuwa lili paliwombo. Soto anazizira, kasitomala anadandaula, ndipo woyendetsa wosamala wa mzinda wonse analandira chenjezo lake loyamba chikwangwani chake chisanaume n'komwe guluu.

Lasmini anafika kunyumba jekete litanyowa ndi thukuta. Sanakalipe. Anavula chisoti, namwa madzi, nakhala pa sitepe.

"Pak, njingayi ndi yanu, imakudziwani inu. Iyendetseni."

Kasmuri anatchula za msana.

"Ndiye mundilole ndikalembetse dzina langa. Achimwene ali ndi njinga ina kumudzi, andibwereka. Iyi mukawabwezere eni ake, mukawauze kuti bondo lakula."

"Iwe Bu, waona chikwangwani chili pa mphambano ya kumsika? Nkhope yanga ndi yaikulu kuposa chitseko ichi. Ndikabweze njinga? Anthu aziti chiyani?"

"Anthu akhala akunena kuyambira kale, Pak. Inu nokha ndi amene simumva."

Madzulo a tsiku limenelo, kanjira katachepa anthu, Kasmuri anayesa. Njinga ya batire siichenjeza munthu ngati ya petulo. Ilibe phokoso, ilibe kunjenjemera, ukangopotoza imadumpha. Anapotoza, inadumpha, iye anasiya zigwiriro n'kukuwa, nakagwera m'mabeseni a zochapa a nyumba yoyandikana nayo. Sanavulale paliponse, ngakhale anafufuza thupi lonse mwakhama.

Zinatsala njira ziwiri, ndipo Lasmini anamuyalira zonse poyera. Amulole akalembetse, iye apitirize kukhala pamthunzi monga kale, koma malipiro azilowa m'dzina la amene akuwagwirira ntchito. Apo ayi, akwere kumbuyo tsiku lonse, kuti paliponse pamene njinga yazima aziionetsa nkhope. Ntchito ya katundu ndi yoima pa khomo lililonse, ndipo mkaziyo anamuchenjeza kuti dzuwa la pamsewu si la pa kashopu ka khofi.

Mwamuna wanzeru akanasankha mthunzi. Ngakhale waulesi weniweni, wolemekeza ulesi wake, akanasankha mthunzi. Koma Kasmuri anaganiza za akaunti yolembedwa dzina la Lasmini, za foni imene iye sangaigwire, za kupempha ndalama ya fodya kwa mkazi amene ali ndi ufulu wokana. Anaganizanso za chikwangwani. Anasankha kukwera kumbuyo.

M'mawa mwake anadutsa pa kashopu ka Ngadiyo. Kutsogolo kunali Lasmini, atavala chisoti chake chakale, masiki ataisiya kunyumba poti panalibenso chobisa. Kumbuyo kunali Kasmuri, maondo atatambalala, bokosi la katundu lili pamsana, matumba a zakudya ali pamiyendo. Galimoto ina inatseka njira pakona pomwepo, Lasmini anaponda mwendo woimikira kuti akonze chingwe cha katundu, ndipo njinga inazima. Amuna onse a pa benchi anasiya tchesi. Kasmuri anasolola khosi pamwamba pa phewa la mkazi wake, naphethira, natembenuzira mutu kumanzere ndi kumanja. Njinga inamupatsa moni.

"Pak Kas, akukupititsani kwa ndani?" anafunsa Ngadiyo. "Amene wakuitanitsani akaona katundu wake akubwezani."

"Ndikumuphunzitsa mayiyu," anayankha Kasmuri mokweza, kuti a kuseri amve. "Kampani yandipempha. Akazi samadziwa kusamala pamsewu."

"Gwirani bwino thumba lamanzerelo, Pak," anatero Lasmini osacheuka. "Msuzi ukudonthera pa thalauza."

Chaka chimenecho kampani ya Lajuka inalengeza kuti pa njinga zake za batire kubwerekana maakaunti kunatheratu, ndipo inalandira chikho ku msonkhano wina wa makampani a udindo. Kasmuri wada, wayamba kutsokomola zenizeni, ndipo msana tsopano umamupweteka popanda kunamizira. Mukaima pa mphambano ya kumsika nthawi ya chakudya chamasana muwaona akudutsa. Akumuphunzitsabe.