Galasi la kumanzere la alamu anga

Alamu anga a Delbert Hnatiuk anayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Yorkton mpaka dazi linawamera, osagundapo ngakhale mpanda wa munthu. Atapuma pantchito, iwo ndi mkulu wanga Verna anagula chigalimoto chogonamo, chachitali ngati basi yomwe ija, chokhala ndi khitchini, bedi ndi chimbudzi chomwe. Chaka chilichonse chisanu chikayandikira ankathawira ku Yuma, mzinda wa ku Arizona, kokaothera dzuwa, n'kutisiya ife tikulimbana ndi chipale chofewa pakhomo.

Wokonza njira anali Verna. Chigalimoto chotere sungangochilozetsa kum'mwera n'kuponda moto. Kuli milatho yaifupi yometa denga, zitunda zootcha mabuleki, ndi malo omwetsera mafuta oti ukalowa sutulukamo. Zonsezi Verna ankazidziwa pamtima. Akafika pogona, iye ankatsika n'kukaima kumbuyo cha kumanzere, kumawakodola alamu kuti abwerere chafutambuyo. Lamulo lake aliyense wa zigalimotozi amalidziwa: wokuwongolera akasowa pagalasi, ima pomwepo.

Verna anamwalira mu Epulo, atangobwerako kumene.

Mu Seputembala ndinawapeza alamu atayala mapu patebulo, khofi atazizira pambali. Mzere umene anajambula unali wokhotakhota zomvetsa chizungulire.

"Alamu, mukupita ku Yuma kapena mukusaka ng'ombe yosochera?"

"Ndikufuna malo ogona olowera uku n'kutulukira uko, mlamu. Ulendo uno sindimenya rivesi ngakhale kamodzi."

"Mpaka ku Arizona?"

"Mpaka ku Arizona."

Ankaimbira foni malo alionse kufunsa ngati munthu angatuluke osabwerera m'mbuyo. Akamva kuti ayi, ankafufuta n'kuyambiranso. Thalauza linayamba kuwakhwepa. Ndinkawamvera chisoni, koma ankandikwiyitsanso. Munthu wamakani ngati ameneyu sindinamuonepo, woti ngakhale akumira sanganene kuti ndigwireni.

Mwana wawo Colleen atabwera kuchokera ku Regina sanazungulire.

"Adadi, msewu sumvera mapu. Tsiku lina mudzaupeza wotseka, ndiye mudzatani? Ndionetseni kuti mungathe kuchibweza. Apo ayi tichigulitse, mukakhale kwathu."

Kwa Colleen kumeneko ndi chipinda chapansi pa nyumba, cha kazenera kamodzi koonera mapazi a anthu odutsa. Alamu anatembenuka n'kuyang'ana ine.

"Chabwino, ndikaima kumbuyoko ndine," ndinatero. "Koma mukandiponda, maliro anga mudzaphika nokha."

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anachitulutsa mumsewu, kuti achibweze mpaka pakhoma la garaja. Ndinaima cha kumanzere, pomwe nkhope yawo inkaoneka pagalasi, n'kuyamba kukodola. Chinabwera bwinobwino, mowongoka ngati achikoka ndi chingwe. Mumtima ndinati, nanga mantha onse aja anali a chiyani?

Chitayandikira khoma ndinapingasa manja kuti aime. Chinabwerabe. Ndinakuwa, ndinamenya chitsulo ndi chikhatho, koma chinkangobwera pang'onopang'ono, osathamanga, osaima. Ndinalumphira kumbali, pomwe galasi silifika. Apo dalaivala aliyense amaponda buleki asanaganize n'komwe. Alamu sanaponde. Anachita kuimitsidwa ndi Colleen, amene anathamanga n'kukamenya chitseko chawo ndi zibakera. Pakati pa chigalimoto ndi khoma panatsala mpata woti mphaka yekha ndiye akanadutsa.

Ndinapita kuwindo nditakwiya.

"Mumafuna kundipha? Simunaone kuti ndachoka pagalasi?"

Manja awo anali pachiwongolero, maso ali pagalasi pomwepo.

"Sindimayang'ana iwe, mlamu. Mkulu wako anali pomwepo, ndi chijuzi chake chobiriwira. Amati bwerabe, Del, malo alipo."

Colleen anagwira pakamwa.

"Chiyambire liti zimenezi?" ndinafunsa.

"Chiyambire tsiku lomwe ndinachibweza titachoka kumanda. Ndikangomenya rivesi amabwera. Ndipo akamandikodola sindingathe kuima. Zaka zonse zija sanandilakwitsepo, ndiye lero ndimukane bwanji?"

Miyezi yonseyo ine ndinkaganiza kuti bamboyu akuopa galasi lopanda munthu.

Colleen anatambasula dzanja, misozi ili mbwembwembwe. Alamu anazimitsa injini, n'kumupatsa makiyi osatsutsa. Za ku Yuma zinathera pomwepo. Koma pampando sanatsike.

"Tiyeni m'nyumba, adadi."

"Tsogolani. Ndisiyeni pang'ono, sanachoke."

Ine Verna sanandionekerepo, ngakhale kutulo. Ndinakwera pachopondera n'kuyandikitsa mutu wanga pafupi ndi wa alamu, kuti ndione pomwe ankaonapo iwo. Ndinangoona khoma la garaja, ndipo zinandiwawa kwambiri.