Timatumba Tiwiri Pawindo

Mayi anga mankhwala satsaza. Kale akadwala malungo, anesi ankawauza kuti amalize onse, ndipo mawuwo anawagwira ngati lamulo la mpingo.

Bambo atamwalira, mayi tulo tinawathawa. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ogonetsa m'kathumba kapulasitiki, kuti azimwa limodzi patsiku. Kathumbako ankakasunga pawindo, pamodzi ndi ka achimwene anga, amene amamwa mankhwala a khunyu. Monse muwiri munali timapiritsi ting'onoting'ono tofanana, ndipo mayi sawerenga.

Tsiku lopita ku Zambia kukaona mdzukulu, wina pamjigo anawaopseza kuti paboda amalanda mankhwala. Ndiye iwo n'kuganiza zotani? Kumwa onse otsala ndi phala la m'mawa, basi. Ndinawapeza pamphasa, nsapato kumapazi, chikwama pambali. Kuwagwedeza, kuwaitana, osadzuka.

Ine ndi anansi tinawakweza pangolo n'kutsata msewu wa ku Guilleme mpaka pachipatala. Adokotala anayamba afunsa ngati mayi analawako mowa. Ndinati ayi, saukhudza n'komwe, koma mwina amwa mapiritsi, chifukwa kunyumba kuli awo ogonetsa ndi a khunyu a achimwene.

"Nanga amwa ati?" anatero. "Ngati ndi awo ogonetsa okhaokha, kawirikawiri munthu amadzuka, bola tiziona mmene akupumira. Koma a khunyu alibe masewera, amatha kuimitsa mpweya. Ngati ndi amenewo, tiwatumiza kuboma pompano. Pitani mukaone."

Ndinabwereka njinga n'kupalasa mpaka kunyumba. Achimwene anali kumunda kukumba mtedza, osadziwa kanthu. Kathumba kawo kanali pawindo, mapiritsi ali momwemo. Ka mayi kanali pansi, mulibe kanthu. Ndinabwerera kuchipatala kukawauza adokotala.

Mayi anatsegula maso mawa lake masana, n'kufunsa ngati minibasi yanyamuka kale. Apo ndiye mkwiyo unandikwera, mantha onse aja atasanduka ukali.

"Inu mayi, mukufuna tikumbenso manda ena? Maluwa a bambo sanaume n'komwe!"

Iwo anangokonza duku. Anesi anawafotokozera bwinobwino kuti awa si a malungo, sachita kumaliza, ndipo ngakhale ogonetsawo amapha munthu akachuluka. Mayi anavomera mwaulemu kuti amva.

Tikutuluka pageti ndinawafunsa, mtima utatsikako, kuti anadziwa bwanji kathumba kawo pa tiwiri tija.

"Aa, iwenso," anatero. "Ndinangotola kamene kanali pamwamba."