Fumbi la Matemba

Ng'anjo za kufakitale ya zitsulo zitazima, amuna anga anasowa pogwira. Munthu wozolowera kudzuka ndi belu sakhala pansi. Ankangozungulira nyumba, kukonza chitseko chosawonongeka. Kenako anapeza dzenje lakale la njerwa kumunsi kwa komboni yathu ya Rutendo, lodzaza madzi a mvula, n'kuikamo tinsomba tomwe anabweretsa m'chigubu kuchokera ku Connemara. Anandiuza mosapsatira kuti nsombazo zikakanika, awoloka kupita ku Joni ngati anzawo.

Muyeso wa chakudya cha nsomba anaupanga okha: makapu atatu a madeya, kapu imodzi ya fumbi la matemba, lomwe ankakung'untha m'matumba a mayi wina wamalonda wochokera ku Malawi. Madeya n'ngokhutitsa chabe, ankatero, chokulitsa thupi ndi fumbilo. Ankalankhula ngati dokotala, munthu woti sukulu anaisiyira panjira. Kusakaniza ndi kukathira m'dziwe inali ntchito yanga, iwo akapita kosaka maganyu.

Chaka chimenecho m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Ana anga aakazi awiri ankadyera masamba owiritsa ndi mchere, tsitsi lawo n'kuyamba kufiira. Tsiku lina ndinaima ndi kapu ija m'manja, fungo la matemba likundilowa m'mphuno, ndipo ndinapsa mtima. Nsomba zizidya ndiwo ana anga akuyang'ana? Fumbilo ndinalithira m'masamba a ana masana omwewo, kunsomba ndinawonjezera madeya. Mawa lake chimodzimodzi.

Nsomba zinatupa mimba, koma kutalika ayi. Madzi anayamba kuchita thovu ndi kununkha. Amuna anga mtima sunakhalenso m'malo. Ankavuula imodzi, kuiyeza pachikhatho, kuibwezera, kuvuulanso ina.

"Amai, kuyambira mawa madeya muziika makapu awiri, matemba imodzi ndi theka."

"Ndamva, bambo."

Ana anadya bwino sabata imeneyo.

Amuna anga anakayikira madzi, anakayikira mtundu wa nsomba, mpaka anakayambana ndi mayi wamalonda uja, ati akuthira mchenga m'fumbi. Ine ndekha ndiye sanandiganizire n'komwe, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa akanandikalipira. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndisiya, koma ndikafika pakapu dzanja linkachita zake.

Dzuwa la Okutobala litayamba kuphwetsa dziwe, tinakokolola nsomba zonse ndi neti ya udzudzu. Zinakwana m'beseni limodzi, yaikulu kwambiri yosaposa zala zitatu. Palibe akanagula. Amuna anga anakhala pamatope pomwepo, mapazi ali m'madzi.

"Zvakaoma, amai, zavuta ndithu. Miyeso yonse ndayesa. Mutu wangawu ndi wa zitsulo basi."

Mawu owulula zomwe ndinkachita anandifika pakamwa. Ndinayang'ana ana, masaya atabwerera, ndipo ndinawameza mawuwo. Lachitatu lotsatira ndinaperekeza amuna anga kokwerera basi ya kumalire, nditawasenzera chikwama, iwo akundipepesa njira yonse.