Disiki Yatsopano pa Njinga ya Atate

Tebulo langa la zovala za salaula kumsika wa ku Katondo lili pafupi ndi pamene amaima anthu a njinga zamoto podikira okwera. Nkhani zawo ndazimva zaka zambiri. Amadandaula za petulo, za matayala, za mvula, koma za fitinesi, kupimitsa njinga chaka ndi chaka kuja, sindinawamvepo akuda nazo nkhawa. Amazikumbukira akamva kuti apolisi atchinga msewu. Pamenepo mumaona wina akubwereka galasi kwa mnzake, wina akukhotera m'tinjira ta m'komboni. Apolisi akachoka, nkhani yatha.

Atate anga sanali otero. Anagwira ntchito kunjanji moyo wawo wonse, kukonza mainjini, ndipo atapuma anagula njinga yamoto yofiira imene ankaisamala kuposa mipando ya m'nyumba. Ankapita nayo Lamulungu lililonse kukatsogolera mapemphero pa katchalitchi kena kupitirira ku Mpima, kumene ansembe ankafikako mwa apo ndi apo. Nthawi ya fitinesi ikayandikira, sabata yonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala awo, kumanga mabuleki, kuyesa magetsi, kuliza hutala mpaka amai kudandaula. Tsikulo likafika ankavala malaya ositidwa n'kupita okha. Njingayo sanabwerekepo munthu. Ngakhale mwamuna wanga ankangololedwa kuigwira pokankha.

N'chifukwa chake ndinaima chilili pakati pa msewu tsiku lina m'mawa, chaka chatha chija, nditaiona m'tauni ikuyendetsedwa ndi munthu wina. Ndinali nditapita kukasankha belo la zovala. Sindinakayike kuti ndi yomweyo, chifukwa pachiwongolero panali korona ya atate, ndipo mpando wake unali ndi chigamba chimene anachidula ku chikwama chakale cha amai. Woyendetsayo anali atavala chisoti cha atate. Atachedwetsa pa mphambano ndinamuzindikira ndi jekete lake.

Anali bambo wina wa ku Makandanyama, wa zaka ngati makumi asanu, amene kumsika tinkangomutchula kuti wa mapepala. Ankavala jekete ngakhale kutentha kwa Okutobala, ndipo m'khwapa simunkasowa envulopu yabulauni. Palibe ankadziwa kumene amagwira ntchito. Anthu a njinga ankati ukamupatsa mapepala ako m'mawa, madzulo amabwera atadindidwa, koma osafunsa kuti wadindira kuti.

Ndinaimbira amai nthawi yomweyo. Anati atate ali pakhomo, akumwa tiyi. Nditafunsa za njinga, anangoti yapita kukapimidwa, n'kuyamba kundifunsa za chifuwa cha mwana wanga. Amai anga sasintha nkhani popanda chifukwa.

Nditatseka tebulo ndinapita kunyumba kwawo. Njinga inali pamalo ake, disiki yatsopano ya fitinesi ili m'kachotengera kake. Ndinawafunsa atate kuti chachitika n'chiyani kuti chaka chino atume munthu, komanso munthu ngati ameneyo. Anayankha kuti mizere ya kumeneko yatalika masiku ano ndipo msana sukuwalola kuima. Sanandiyang'ane. Anali kupukuta thanki ya petulo imene inali yopukutidwa kale.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. Poyamba ndinaganiza kuti disikiyo ndi yabodza. Ndinaijambula pafoni n'kukaonetsa mkulu wina wa njinga amene ndimamukhulupirira pang'ono. Anaiyang'ana, naseka, n'kunena kuti yeniyeni ndi yabodza zimasiyana pokhapokha wapolisi akakwiya. Kenaka ndinaganiza kuti mwina bamboyo akuchotsa zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Ndinkafika kwa makolo anga masana ngati ndabwera kudzaona amai, n'kumazungulira njingayo, kuyang'ana matayala ndi tcheni, ngakhale sindidziwa kanthu za makina.

Kenaka mayi woyandikana nawo nyumba anandiuza kuti bamboyo amabwera Lachisanu lililonse. Lachisanu lotsatira ndinasiyira mnzanga tebulo n'kupita. Ndinawapeza awiriwo atakhala kuseri kwa nyumba, mitu pamodzi, bamboyo akuwerenga chinachake motsitsa mawu, atate akugwedeza mutu. Atandiona anatseka chimene ankawerengacho n'kuchiphimba ndi envulopu yake. Anandipatsa moni waulemu kwambiri, wochita kuimirira, ndipo ulemu umenewo ndiwo unandikwiyitsa koposa.

Ndinatsimikiza kuti akufuna kuwasainitsa atate kuti njinga ikhale yake. Tsiku lomwelo, amai ali kubafa, ndinalowa kuchipinda kwawo, ndinatsegula sutikesi imene amasungamo makhadi a ubatizo, n'kutenga buku la umwini wa njingayo. Ndinakalibisa kwanga pansi pa zovala zosagulika. Sindinauze munthu, ngakhale mwamuna wanga.

Maganizo anga anafika patali kuposa apo. Ndinayamba kudzifunsa kuti munthu wouma mtima pa zinthu zake ngati atate angapereke bwanji makiyi kwa mlendo, ngati mlendoyo si magazi awo. Ndinawerengera zaka. Ndinakumbukira kuti asanakwatire amai anakhalako ku Makandanyama. Bamboyo akadutsa kumsika ndinkamuyang'anitsitsa makutu ndi kayendedwe, mpaka tsiku lina anandifunsa ngati pajekete lake pagwera kanthu.

Pamapeto pake ndinaona kuti ndiwafunse atate kutali ndi amai. Lamulungu lina ndinalawirira kwawo n'kunena kuti lero ndikapemphera nawo ku Mpima, andinyamule. Anakana. Anati msewu waipa, anati tayala lakumbuyo silifuna katundu. Amai anali pakhomo atagwira tsache. Ine ndinangokwera n'kukhala. Kenaka atate analiza injini.

Tinayenda pang'onopang'ono kwambiri, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, mpaka njinga zakapalasa zinkatipitirira. Ndinaona kuti milomo yawo ikuyenda, ndipo ndinayesa akupemphera. Maenje akale onse ankawazemba bwinobwino tisanawafike. Koma titatuluka m'tauni, panali lole imene inafera pamsewu, ndipo eni ake anali atayala nthambi zamasamba patali ndithu pochenjeza anthu. Tinaponda nthambi yoyamba. Tinaponda yachiwiri. Atate sanachepetse, sanakhote. Lole yonse yoyera inali patsogolo pathu dzuwa likuwala, iwo akungopita. Ndinakuwa n'kuwakoka phewa, ndipo tinakagwera m'maudzu.

Sitinavulale kwenikweni. Ine ndinasupuka chigongono, iwo bondo. Atadzuka anayamba kufufuza chisoti chawo ndi manja, chili pafupi ndi phazi lawo.

"Atate, simunaione lole ija?"

"Sabata yatha panalibe," anatero.

Tinakankha njinga mtunda wotsalawo, chifukwa ine ndinakana kukweranso ndipo iwo anakana kubwerera anthu akuwadikira.

M'tchalitchimo ndinakhala pabenchi la kutsogolo. Nthawi ya Mthenga Wabwino itafika, atate anatsegula buku, nawerenga ndi mawu awo amphamvu aja, osaphonya liwu. Koma ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona kuti maso awo sakuyenda pamizere. Tsamba limene anatsegula linali la nyimbo. Apo m'pamene ndinadziwa chimene bambo wa jekete ankawawerengera Lachisanu lililonse kuseri kwa nyumba. Ankawabwerezera mawu a Lamulungu mpaka atawaloweza.

Anthu atabalalika tinakhala pakhonde la tchalitchi. Atate anandiuza okha, osafunsidwa. Maso anayamba kuchita chifunga zaka ziwiri zapitazo. Msewu wa ku Mpima ankauyenda powerenga mapolo ndi makhotedwe, ndiye milomo ija. Chaka chinacho atapita kukapimitsa njinga, wopimayo anawauza kuti ayendetse pang'ono n'kuima pa mzere wopakidwa pansi. Anaupitirira mzerewo chifukwa sanauone. Wopimayo anagwira buleki yekha, anapeza kuti ili bwino, kenaka anawayang'ana kumaso nthawi yaitali. Njinga inakhoza, atate n'kutuluka nayo pageti. Panja pa geti pomwepo ndi pamene bambo uja anawapeza. Anali ataona zonse.

Ndinawafunsa ngati amai akudziwa. Anati amai ndiwo amawaikira ulusi m'singano masiku ano, angalephere bwanji kudziwa. Atate anawalumbiritsa amaiwo kuti asatiuze ife ana.

Njingayo sitikanaisiya kumeneko. Atate ananditchulira nambala ya bamboyo pamtima, ine n'kuimba. Anafika ndi minibasi pasanathe ola, jekete lili pathupi. Ndinamutengera pambali n'kumufunsa ngati ankadziwa kuti akuthandiza munthu wosaona kuyenda pamsewu.

"Ninadziwa, sisi. Koma anati nisakambe. Manje ine ningachite bwanji, ni akulu."

"Akanafa lero mukanati chiyani?"

Anayang'ana pansi, n'kunena kuti iye anawauza kangapo kuti aziwanyamula, koma anakana. Mwina zinali zoona. Ndinamufunsanso ngati njingayo anakaipimitsadi kapena disikiyo anaitenga kwina. Anaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti anaima pamzere kuyambira m'mawa. Maso ake anali pa njinga, osati pa ine.

Makiyi ndinatenga ine tsiku lomwelo. Atate sanandilankhule pafupifupi mwezi. Ndikafika ankayankha moni n'kutembenuzira mpando kukhoma. Amai ndiwo anandithandiza kuwakakamiza kupita kuchipatala, kumene anatiuza kuti ndi ng'ala m'maso onse awiri. Anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo linatseguka ndithu. Tsiku limene anachotsa bandeji anayang'ana amai n'kuwafunsa kuti imvi zonsezo zabwera liti. Linalo achipatala anati lawonongeka mkati, silingathandizike. Dokotala ananena mosabisa kuti za njinga aiwale.

Ndinkayembekezera kuti njingayo aigulitsa, kapena apatsa mwamuna wanga amene anaikhumbira zaka zonsezi. Koma tsiku lina ndili pakhomo pawo anandiitana n'kunena kuti ndibweze buku limene ndinatenga m'sutikesi. Sanakweze mawu. Anati anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa ndinabwezera makhadi a ubatizo mozondoka ndipo iwo ankawadziwa ndi zala. Njingayo anaganiza zopatsa bambo wa ku Makandanyama, kuti azinyamulira anthu m'kati mwa sabata, koma Lamulungu aziwatenga iwo kupita ku Mpima.

Ndinatsutsa. Ndinawauza kuti n'zimene munthuyo ankafuna kuyambira tsiku limene anawaona akupitirira mzere, kuti anthu otere amadziwa kudikira. Ndinawafunsanso mosapita m'mbali ngati ali mwana wawo. Amai anaseka mpaka kutsamwa, atate anangopukusa mutu n'kunena kuti ndachita misala. Za zinazo anati mwina ndikunena zoona, koma pa zaka ziwiri zimene anali mumdima, munthu amene anakhala nawo pansi n'kuwawerengera anali yemweyo. Ana awo tinkabwera, kudya, n'kupita, osaona kanthu. Mawu amenewo anandilasa, ndipo bukulo ndinakalitenga.

Masiku ano bamboyo amaima ndi njinga yofiira ija pamodzi ndi anzake pafupi ndi tebulo langa. Envulopu anaisiya. Amandipatsa moni m'mawa uliwonse ndipo ndimayankha. Kwa miyezi ingapo sanaphonye Lamulungu ngakhale limodzi. Ankafika nthawi yabwino, atate n'kukwera kumbuyo, akumuuza pamene ayenera kusintha giya ngati akuphunzitsa mwana.

Mwezi wathawu, Lamulungu lina, sanabwere. Atate anavala malaya awo ositidwa n'kukhala pakhonde ndi buku pamiyendo kuyambira m'mawa. Foni yake inali yozima. Ndinawauza kuti tikwere minibasi, anakana, anati akubwera. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linafika pamutu, kenaka analowa m'nyumba n'kuvula nsapato.

Bamboyo anatulukira Lolemba m'mawa, n'kunena kuti mlamu wake anadwala mwadzidzidzi kumudzi wina wa kutali ndipo anachita kumuthamangitsira kuchipatala. Njinga inali ndi matope mpaka pampando. Mkulu wa njinga uja anandinong'oneza masana kuti Lamulungulo kunali ukwati waukulu kumafamu, ndipo aliyense amene anali ndi njinga anakanyamula anthu tsiku lonse. Sananene kuti anamuonako. Nditawafotokozera atate, anandifunsa ngati ndakamuona mlamu wodwalayo. Ndinati ayi. Anati ndiye ndiwapatse amai shuga ndi buledi, akamupatsire bamboyo kuti akapereke kwa wodwala.