A Dyson ndi Magazi a Mdzukulu Wawo

A Dyson Kachiwanda anagwira ntchito ku Chitedze zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankatenga mungu wa ku ngayaye za chimanga cha mtundu wina n'kukathira pa ndevu za mtundu wina, kuti akatswiri apeze mbewu yatsopano. Sukulu analekezera Sitandade 6. Atapuma ntchito anabwerera kwawo ku Msundwe, komwe ankadziwika ndi besi yawo yotsalira m'mbuyo pa kwaya ya kutchalitchi.

Mdzukulu wawo Mphatso, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi Triza, anayamba kudwala ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Manja ndi mapazi ankatupa, ndipo ankalira osatonthozeka. Kuchipatala anati ndi sikoselo, matenda a m'magazi obadwa nawo. Isaki, mwamuna wa Triza, anati kumtundu kwawo kulibe zoterezi, ndiye kuti zachokera kuchikazi. Anatenga zovala zake n'kupita kwa achimwene ake ku Namitete.

Chaka chatha kuchipatalako kunabwera anthu a kafukufuku, ofuna kuona ngati makolo akumvetsa nkhani ya majini, tizinthu ta m'thupi tomwe mwana amatengera kwa makolo ake. A Dyson anapezekapo chifukwa ndiwo anakweza Triza pa njinga. Namwino wina, mayi Anesi, anafotokoza kuti mwana amatenga jini imodzi kwa mayi, ina kwa bambo, ndipo amadwala pokhapokha onse awiri akamupatsa ya sikoselo. A Dyson anakweza dzanja.

"Kodi mayi, ndiye kuti chinthu chikhoza kubisala mwa kholo looneka bwinobwino, n'kudzatulukira pa ana?"

"Eya, bambo. Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pa chimanga. Ndazionapo kambirimbiri."

Tsiku lomwelo a Dyson anapempha kuti nawonso ayezedwe. Mawa lake anapalasa njinga mpaka ku Namitete, komwe anapeza mkamwini wawo akupala matabwa.

"Bambo a Mphatso, sindinabwere kudzakutengani ayi. Ndikungopempha dontho limodzi la magazi anu. Akapanda kukupezani ndi jini ya sikoselo, ine ndidzapepesa pamaso pa ankhoswe."

Isaki anazengereza sabata yathunthu, koma anapita kuchipatala. Anamupeza nayo jiniyo. Anatuluka m'chipinda choyezera n'kukhala pa khonde, mutu uli pansi. A Dyson anakhala pambali pake.

"Musadzizunze. Nanenso anandipeza nayo, ndipo ndine ndinamupatsa Triza. Zaka zonsezi ndinkadziwa ngati? Palibe wolakwa apa."

Isaki sanabwerere msanga kwa Triza. Panapita mwezi wathunthu asanatulukire ku Msundwe ndi ankhoswe ake, atanyamula bedi laling'ono lomwe anakhomera mwanayo.

Masiku ano mayi Anesi amawaitana a Dyson Lachinayi lililonse kuti akalankhule ndi azibambo, omwe ambiri safuna kuyezedwa. Mphatso ali ndi zaka zitatu, ndipo Isaki ndiye amapita naye kukatenga mankhwala. Mwezi wa Juni mwanayo amavutikabe, chifukwa kuzizira kumadzutsa ululu. A Dyson anamugulira chipewa chaubweya pa kaunjika, chachikulu kwambiri moti chimamufika m'maso. Triza akafuna kuchipinda, iwo amakana.

"Chisiyeni choncho. Mwanayu akula, chidzamukwana."