A Swaibu Atasiya Mapepala N'kukakhala Pakhoka

Nkhafi ikagogoda pabwato pakati pa usiku, tinkadziwa kuti ena afikanso. Zaka zimenezo anthu ankaoloka nyanja kuthawa thangata wa Apwitikizi, n'kudzakocheza kuno kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Mwamuna wanga Adamu anabwera momwemo. Ndiye tsiku lina m'chaka cha 1961, a Swaibu Fakiri atatulukira m'mudzi ndi chikwama cha mapepala a boma, ine mantha anandigwira mpaka mkaka wa mwana wanga Malita unachepa. Ndinkadziwa kuti dzina likalembedwa, mwini wake angathe kubwezedwa kutsidya.

A Swaibu anali mesenjala wa ku boma la Kota Kota kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anabadwira kuseri kwa mzikiti, bambo awo ankasoka matanga a zombo. Anali munthu wamfupi, woyenda pang'onopang'ono, wosakonda kuyamba kulankhula. Zilembo za Chiarabu ankawerenga, koma Chingerezi ankangochimva ndi makutu. Mzungu wina anachokera ku Zomba kudzafufuza mmene othawa kwawo akukhalira ndi eni mudzi, ndipo malungo atamugoneka anatuma a Swaibu ndi mapepala a mafunso. Pankafunika wolemba. M'mudzi monse amene anapondako ku sekondale ndinali ine, zaka ziwiri zokha, choncho pensulo inagwera m'manja mwanga.

Tinayenda khomo ndi khomo masiku atatu. Mafunso ake anali akuti dzina lanu ndani, munabadwira kuti, pakhomo pano pali alendo angati, mumakhala nawo bwanji. Paliponse yankho linali limodzi: pano palibe mlendo.

Pakhomo pa mayi Habiba tinapeza bambo wina wa kutsidya akusenda chinangwa.

"Nanga awa ndani, mayi?" anafunsa a Swaibu.

"Mwana wanga wachisamba ameneyo."

"Mwana wanu ali ndi imvi kuposa inu."

"Anabadwa ndi nkhawa," anatero mayi Habiba, osaseka n'komwe.

Sikuti ankanama. Kuno munthu akagona pakhomo pako masiku atatu, n'kusamba m'manja m'mbale imodzi ndi iwe, kumutchula mlendo n'kumutukwana. Amakhala mphwako, malume ako, kapena mwana wako, malinga ndi mmene wakufikira pamtima.

Madzulo a tsiku lachitatu a Swaibu anamanga mapepala aja ndi luzi.

"Amake Malita, mapepalawa akufunsa pakamwa, ndipo pakamwa pa anthu akuno pali ulemu wambiri. Mawa mubwere kugombe. Pensulo muisiye."

Masiku asanu ndi atatu anakhala pamchenga pamene a Zaidi, msodzi wa m'mudzi mwathu, ankakokera khoka lawo. Anavula chisoti cha boma, n'kumasoka zong'ambika za ukonde. Sanafunse munthu funso ngakhale limodzi.

"Boma lakuchotsani ntchito, akulu?" asodzi ankawaseka.

"Landituma kudzafunsa nsomba ngati zili ndi madandaulo."

"Muziuze kuti ife ndiye tili nawo."

Ine ndinkakhala chapatali ndi mwana kumsana, maso pa iwo. Ndinkaona ngati sakuyang'ana kanthu. Tsiku lomaliza khoka litatuluka, nsomba zitaunjikidwa, anandikodola.

"Aliyense wokoka chingwe amapita ndi ndiwo, si choncho? Tsono onani mmene akutengera."

Ndinayang'ana chinthu chomwe ndakhala ndikuchiona chibadwire. Eni mudzi ankawerama pamulu n'kudzisankhira okha chambo. Kumbuyo kunaima amuna anayi, manja kumsana, kudikira kuti a Zaidi awaponyere.

"Anayi awo afika chaka chino," a Swaibu anatero motsitsa mawu. "Aja atatu akufika pamulu koma akutola utaka wokha, adya mvula ziwiri kuno. Palibe amene anawauza malamulo amenewa, ngakhale a Zaidi sakuwadziwa. Ndipo mwaona khoka likakodwa pachitsa? Amene amalowa m'madzi mpaka pachifuwa kukalimasula, kufupi ndi bango la ng'ona, ndi omwe aja a manja kumsana. Anthu akuno amawakonda alendo awo, zimenezo n'zoona. Koma ng'ona amawasiyira."

Munthu uyu, wosatha kulemba dzina lake m'Chingerezi, anawerenga mudzi wathu wonse pa mulu wa nsomba, n'kupeza zimene ife eni ake sitinkaziona.

"Ndiye pali mmodzi," anapitiriza, singano ili m'manja. "Amatola chambo ngati mwini mudzi. Koma asanawerame amayamba wayang'ana nkhope ya a Zaidi, kamphindi kochepa chabe."

Adamu anali atangoweramuka ndi chambo ziwiri m'manja, akuseka ndi anzake. Ndinakhala pansi pomwepo.

"Bambo," ndinatero, "mumulemba?"

Anamaliza mfundo yomwe ankamanga, n'kuidula ndi mano.

"Bwana uja akufuna kudziwa mmene anthu akukhalira. Mmene, osati ndani. Iye alibe choipa, ndamuona. Koma pepala silikhala ndi amene walilemba. Lero lili m'chikwama chake, mawa lili patebulo la munthu amene ife sitimudziwa."

"Akakukalipirani mukabweza mapepala opanda mayina."

"Mwina andichotsa. Ndayenda mokwanira, mapazi sadandaula."

Mawa lake tinakhala pakhonde panga, iwo akunena m'Chinyanja, ine ndikulemba m'Chingerezi kuseri kwa mapepala omwe aja. Tinalemba za mulu wa nsomba, za manja kumsana, za bango la ng'ona, ndi zakuti pamatenga mvula zingapo kuti munthu afike pa chambo. Zabwino za mudzi wathu anazinena, zochititsa manyazi anazinenanso, ngakhale ndinawapempha kuti za ng'ona tizisiye. Mpata wa mayina unatsala woyera. Pamapeto anati ndilembe kuti ngati bwana akukayika, akachira abwere, avule nsapato, agwire chingwe.

Ndinaganiza kuti atha, koma anakhalabe akuyang'ana amayi awiri omwe ankadutsa ndi madengu a chinangwa.

"Pagombe ndaona amuna okha," anatero. "Za akazi sindikudziwa kanthu, ndipo sindingalembetse zomwe sindinaone."

Anati akangopereka mapepalawo ku boma, apita ku Benga kwa mlongo wawo Asiya, amene amaviika chinangwa padambo limodzi ndi akazi a kutsidya. Mwamuna sangakhale pamenepo, choncho akapempha Asiya kuti aziwaonera mwezi wathunthu: ndani amaviika kumtunda, ndani kumunsi, ndani amabwereka mtondo osayamba wagwada. Iwo a Swaibu azikangomvetsera madzulo zimene Asiya waona.